Majini afika pa Chitala

Nkhani yonse inayambira pa wailesi ya m'tiyirumu ina pa Chitala, m'mawa wa Lachiwiri, dzuwa la Okutobala litayamba kale kuwotcha malata. Wowerenga nkhani ananena kuti akatswiri apeza kuti pali majini ena amene amateteza ana ku malungo aakulu. Agogo ena ovala kofia yoyera, omwe ankanyika sikono mu tiyi, anaimitsa dzanja m'malere.

"Majini? Ayamba liti majini kuteteza mwana wa munthu?"

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, koma funsolo linali lomveka. Kuno kunyanja majini timawadziwa. Ndi aja amagwetsa munthu pansi n'kumuyankhulitsa mawu achilendo, mpaka abale kuthamangira kwa shehe kapena kwa abusa. Mphunzitsi wina wa kusekondale, amene ankadikira chenje, anayesa kuthandiza. Anati awa ndi majini ena, dzina lawo tinachita kubwereka ku Chingerezi, ndipo ndi malangizo olembedwa mu DNA, mkati mwa maselo a thupi. Munthu ali nawo pafupifupi 20,000, theka lochokera kwa mayi, theka kwa bambo. Agogo aja ankangomuyang'ana, sikono ikusungunukira m'kapu.

Amene anaimasula nkhaniyo ndi bambo wina yemwe anagwira ntchito zaka zambiri m'minda ya siteshoni ya kafukufuku wa zaulimi, ija imatchukitsa dzina la Chitala.

"Aphunzitsi, mukuzungulira. Agogo, mukukumbuka chaka chimene khate linalowa mu mtedza? Chalimbana anakwinyirira yense, kufupika, osabereka. Koma mzere wa Nsinjiro pambali pakepo unali biriwiri. Nsabwe zake zomwezo, dothi lomwelo, mvula yomweyo. Kulimbako kunali mkati mwa mbewu, ndipo mukadzala ana ake nawonso amalimba. Majini akunenawo ndi amenewo."

"Oho! Bwanji osangonena kuti n'zakumtundu?" anatero agogo aja, n'kubwerera ku tiyi wawo.

Ine ndinali nditabwera kudzaona azakhali, ndipo sabata yonseyo ndinaitsatira nkhaniyi monga mwana amatsatira gule. Chinandisangalatsa n'chakuti pa Chitala anthu sachita chilendo ndi mawu oti kafukufuku. Anakula akuona minda yokhala ndi zikwangwani, mzere uwu mbewu iyi, mzere uwo mbewu ina, munthu akuyenda ndi kabuku kuwerenga masamba. Nsinjiro anatulutsidwa m'chaka cha 2000 atamuyesa m'minda yotereyi. Choncho atamva kuti munthu nayenso ali ndi za mkati mwa mbewu, sanadabwe. Anangoyamba kufunsa.

Pofika masana nkhani inali itafika pa mjigo, ndowa zili pamzere. Kumeneko inasanduka ya udzudzu.

"Ine ndi bambo a kunyumba timagona mphasa imodzi," anatero mayi wina akupopa madzi. "Kukacha ine thupi lonse zotupa, iwo ali see! Magazi anga ndi okoma, achemwali, ndinatengera amayi anga."

Anzake anavomereza, aliyense ndi umboni wake. Ndipo kunena zoona, mayiyu analondola mbali yaikulu. Chimene anaphonya n'chakuti udzudzu sulawa magazi usanatere. Umatsata mpweya umene timapuma, kutentha kwa thupi, ndi fungo la khungu. Mu 2022 akatswiri a pa Rockefeller University ku New York, motsogozedwa ndi Leslie Vosshall, anaveka anthu masokosi a nayiloni m'mikono, kenako n'kuika masokosiwo kuti udzudzu usankhe. Panali munthu mmodzi amene sokosi yake inkakoka udzudzu kuwirikiza ka 100 kuposa ya munthu amene udzudzu sunkamufuna kwenikweni. Atafufuza anapeza kuti anthu okondedwa ndi udzudzuwa ali ndi timafuta tina tambiri pakhungu, ndipo ngakhale atabweranso patapita zaka, udzudzu unkawakondabe. Zoti anatengera amayi ake nazonso zili ndi poyambira. Mu 2015 ofufuza a ku London School of Hygiene and Tropical Medicine anayesa mapasa, n'kupeza kuti mapasa ochokera m'dzira limodzi amakoka udzudzu mofanana kwambiri kusiyana ndi mapasa wamba. Make mbuu, mwana mbuu. Chokhacho, udzudzu umene anayesera m'makafukufuku awiriwa ndi uja wa miyendo yamawangamawanga woluma masana, osati wa malungo umene umatizunza usiku kuno.

Wa malungowo anauyesa kwina. Ku Gambia anapeza kuti mayi woyembekezera amakoka udzudzu wa malungo kuwirikiza kawiri kuposa mayi yemwe sali woyembekezera. Ku Burkina Faso, mu 2010, anamwetsa amuna ena mowa wa mapira ndipo ena madzi, udzudzu n'kuthamangira kwa omwa mowawo. Mlangizi wa zaumoyo, yemwe anali ataima ndi njinga yake pa mjigopo, atatchula zimenezi, mayi uja anasiya kupopa.

"Ndiye bwanji bambo a kunyumba sukuwaluma, poti masese sawaphonya?"

"Umawaluma, mayi," anayankha mlangiziyo. "Kutupa ndi kuyabwa kuja ndi thupi kulimbana ndi malovu a udzudzu. Ena khungu lawo linazolowera, silitupanso. Komanso munthu akagona atakhuta masese, ngakhale khoswe amulume samva."

Chiseko chake chinamveka mpaka kuchigayo. Madzulo ake nkhani inali itawapeza eni ake kumalo omwera, ndipo ndinamva kuti anagwirizana kuti kafukufukuyo akukhudza mowa wa mapira wokha, wa chimanga sunayesedwe.

Pa bawo, pansi pa mtengo wa mango, ndi pamene nkhaniyi inakhalitsa, chifukwa panali mlandu weniweni. Mnyamata wina wa m'mudzi wapafupi anabwera kuchokera ku Joni atakhalako zaka 6. Anafika ndi katundu wambiri, anthu n'kumulandira ndi nthungululu. Sabata ziwiri zisanathe anali atagonekedwa kuchipatala, malungo atamugwira ngati mwana wakhanda. Anzake amene anakula nawo, omwe sanapiteko kulikonse, anali gwa, akuumba njerwa.

"Pamenepa pali dzanja la munthu," anatero madala ena akutakata nkhomo. "Malungo angasiye ife tonse n'kusankha yekhayo wobwera ndi chuma?"

Ndimamvetsa chifukwa chake munthu angaganize choncho, koma yankho lake lili m'magazi mwa madala omwewo. Munthu wamkulu amene wakhala moyo wake wonse kuno walumidwa ndi udzudzu wa malungo kosawerengeka. Nthawi iliyonse imene wadwala n'kuchira, asilikali a m'thupi mwake aphunzirapo kanthu. Pofika pa uchikulire amatha kuyenda ndi tizilombo m'magazi koma osagona, mwina kungomva mutu ndi kuphwanya m'thupi. Koma chitetezo chimenechi chimafuna kukumbutsidwa. Ku Johannesburg n'kokwera ndiponso kozizira, udzudzu wa malungo kulibe. Asilikali a mnyamata uja anakhala zaka 6 osamuona mdani, n'kuyamba kumuiwala. Atalumidwa usiku woyamba kwawo, tizilombo tinapita kukaswana m'chiwindi mwakachetechete, ndipo patatha sabata imodzi kapena ziwiri tinatulukira m'magazi. Masiku amene madala ankawerengera ngati umboni wa ufiti ndi masiku enieni amene kachilombo kamatenga.

Wina anafunsa funso limene ndinalikonda kwambiri sabata yonseyo. Anati chikuku munthu amadwala kamodzi basi, nanga malungo bwanji thupi limachedwa kuwaphunzira chonchi?

Kachilombo ka malungo, kamene akatswiri amakatcha Plasmodium falciparum, kakalowa mu selo lofiira la magazi kamaika zomata kunja kwa selolo kuti likakamire m'mitsempha, lisafike ku kapamba, chiwalo chimene chimasefa magazi n'kuwononga maselo odwala. Asilikali a m'thupi amaphunzira kuzindikira zomatazo. Koma akatswiri atawerenga DNA yonse ya kachilomboka mu 2002, anaona kuti kali ndi majini pafupifupi 60 opangira zomata zosiyanasiyana, ndipo kamagwiritsa ntchito imodzi pa nthawi. Thupi likangozindikira iyi, kamasinthira ina. Kachilombo ka mwa mnansi wanu nakonso kali ndi 60 zakezake.

"Ndiye ndi mbava ya malaya 60," anatero mnyamata wina amene ankaonerera bawo. "Ukaiona ya malaya ofiira, mawa yabwera ndi obiriwira."

Palibe katswiri akanafotokoza bwino kuposa pamenepo. Wamkulu wa kuno waona malaya ambiri a mbavayo. Mwana wa chaka chimodzi waona ochepa chabe, ndipo chitetezo chimene anabadwa nacho kuchokera kwa mayi ake chimatha m'miyezi yoyambirira. N'chifukwa chake maliro a malungo amakhala a ana. Apa bawo inaima kaye, chifukwa panalibe munthu pansi pa mtengowo amene sanaikepo mwana kapena mdzukulu. Zambiri zimene dziko lapansi limadziwa za malungo a mu ubongo linaziphunzira kwa ana a ku Malawi konkuno, pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor anayamba kufufuza m'zaka za m'ma 1980. Njira yoyezera kuti mwana wakomoka motani, imene madokotala amagwiritsa ntchito m'mayiko ambiri, imatchedwa ndi dzina la Blantyre. Mu 2015, pogwiritsa ntchito makina ojambula mkati mwa mutu, gulu lomwelo linaonetsa kuti ana ambiri amene amamwalira ndi malungo otere ubongo wawo umatupa mpaka kupanikiza mbali imene imayendetsa kupuma.

Pa siteji ya kabaza nkhani inali ya katemera, ndipo kumeneko kunali kudandaula. Anyamatawo amayenda, amamva zambiri. Ankadziwa kuti Malawi ndi dziko loyamba padziko lonse kuyamba kupereka katemera wa malungo ku sikelo, pa 23 Epulo 2019, Ghana ndi Kenya n'kutsatira. Ankadziwanso kuti anayambira m'maboma 11, monga Karonga, Nkhata Bay, Mangochi, Nsanje ndi Ntchisi, koma Salima, boma lawo, panalibe pa mndandanda woyambawo.

"Aise, Ntchisi kumapiri kuja, ife eni ake udzudzu kutidumpha?"

Mnzake, yemwe amaoneka kuti ndi wowerenga nyuzi wa pa sitejipo, anati iye sakudandaula chifukwa anamva kuti katemerayo ndi wofooka. Pa malungo 10 amangotchinga 4. Njinga yoti mabuleki ake amagwira kanayi pa maulendo 10, ndani angakwere?

Fanizolo ndi lokoma, koma ndinatsutsana naye. Chiwerengero chake n'choona. Pa kuyesa kwakukulu kwa katemerayu, wotchedwa RTS,S, kumene ana a ku Lilongwe anatengako mbali pakati pa 2009 ndi 2014, anachepetsa malungo ndi pafupifupi 4 pa 10 alionse m'zaka zinayi. Katemerayu amaphunzitsa thupi kugwira kachilombo pa kanthawi kochepa kamene kangotuluka mwa udzudzu, kasanabisale m'chiwindi, ndipo kena kamapulumuka ndithu. Koma mwana wa kunyanja amadwala malungo kangapo pa chaka, ndipo ana ake ndi mamiliyoni. Ana oposa 2 miliyoni atalandira katemerayu m'mayiko atatu aja, imfa za ana a msinkhu wolandira katemera zinatsika ndi 13 pa 100 zilizonse. Amenewo ndi ana enieni amene lero akuthamanga pabwalo. Bungwe la WHO linamuvomereza mu Okutobala 2021, ndipo mu Okutobala 2023 linavomereza wachiwiri, R21, wa ku Oxford. Mwana amafunika kubayidwa kanayi, ali ndi miyezi 5, 6, 7, kenako 22, ndipo kachinayi kaja ndi kamene makolo ambiri amaiwala mwana akayamba kuyenda. Neti nayo siichoka pabedi. Wakabaza uja anavomera theka. Anati ndiye katemerayo ndi buleki ya kumbuyo, neti ndi ya kutsogolo. Pasanapite nthawi anapeza kasitomala wa thumba la makala n'kunyamuka.

Pakhonde la telala mawu anali otsika. Mayi wina anabweretsa yunifolomu ya mwana wake kuti aibweze m'chiuno, chifukwa mwanayo sakukula ngati anzake. Kuyambira ali wakhanda ankatupa manja ndi mapazi, kulira usiku wonse, maso achikasu, ndipo amuwonjezera magazi kangapo. Kuchimuna ankati magaziwo akumwedwa ndi a kuchikazi. Kuchikazi ankaloza apongozi. Banja linatsala pang'ono kutha, mpaka atamutumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe, kumene anapeza kuti ndi nthenda ya sickle cell.

Dzinali likuchokera ku chisikilo, chija timamwetera udzu ndi mpunga. Maselo ofiira a munthu amakhala obulungira ndi ofewa, koma a mwana wodwala nthendayi amapindika ngati chisikilo, n'kumatsekereza timitsempha ndi kufa msanga. Mwana amadwala pokhapokha atalandira jini ya nthendayi kuchokera kwa mayi ndiponso kwa bambo. Makolo onse awiri amakhala athanzi, osadziwa kuti anyamula kanthu, ndipo pa mimba iliyonse mwayi woti mwana adwale ndi umodzi pa inayi. Mayi uja anati tsiku limene dokotala ananena zimenezi pamaso pa iye ndi mwamuna wake, mlandu wa zaka zisanu unathera pomwepo. Panalibenso woloza mnzake chala.

Telala anafunsa, singano ili pakamwa, kuti ngati chinthucho n'choipa chonchi, bwanji sichinathe chokha kalekale. Apa ndi pamene nkhani ya pa wailesi ija inatulukira. Munthu amene walandira jini imodzi yokha sadwala sickle cell, ndipo amatetezeka kwambiri ku malungo aakulu, pafupifupi ndi 9 pa 10. Anthony Allison, amene anakulira ku Kenya, ndiye anaonetsa zimenezi mu 1954. Kwa zaka zikwizikwi, m'madera a udzudzu, ana onyamula jini imodzi ankapulumuka n'kubereka, anzawo ambiri akumwalira. Malungo ndiwo ankasankha mbewu, monga mlimi amasankhira mtedza wodzala. Kafukufuku wa ana a ku Malawi amene anafalitsidwa mu 2018 anapeza kuti pafupifupi ana 9 pa 100 alionse anyamula jini imodziyi. Mphatso imene inapulumutsa makolo athu ndi yomweyo imene ikuzunza mwana wa yunifolomu uja. Zotere zilipo zingapo. Magazi a gulu O amathandizako pa malungo aakulu, koma kolera ikamugwira munthu wa gulu O imamugwira mwamphamvu, ndipo anthu a ku Salima sanaiwale kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno.

Pali inanso yatsopano. Ofufuza atayerekeza DNA ya ana zikwizikwi a ku Gambia, Kenya ndi Malawi, odwala kwambiri ndi osadwala, anafika mu 2017 pa mtundu wina wa magazi wotchedwa Dantu, wopezeka kum'mawa kwa Africa, umene umachepetsa malungo aakulu ndi pafupifupi 40 pa 100. Mu 2020 Silvia Kariuki, katswiri wa ku Kenya wogwira ntchito ku Kilifi, ndi anzake anapeza chifukwa chake. Khungu la selo lofiira la munthu wa Dantu ndi lokungika kwambiri, ngati chikopa cha ng'oma yowambidwa pamoto, ndipo kachilombo kamalephera kuboola. Telala anakonda zimenezi. Anati ndi nsalu ya kaki, singano yofewa imathyoka.

Mphunzitsi uja, yemwe anali atafikanso, anawonjezera kuti ku Britain ndi ku America anavomereza kumapeto kwa 2023 mankhwala otchedwa Casgevy, okonza majini a munthu wa sickle cell. Amachotsa maselo a m'mafupa, kuwakonza ndi njira yotchedwa CRISPR, n'kuwabwezera. Mtengo wake ku America ndi madola 2.2 miliyoni pa munthu mmodzi. Telala anatenga foni kuti asinthe kukhala makwacha, ndipo ataona kuti apyola K3 biliyoni anawerenga maziro kawiri, n'kuika foniyo pansi pang'onopang'ono. Mayi uja sanatekeseke. Anati mwana wake akumwa makapisozi otchedwa hydroxyurea tsiku lililonse, ndipo chaka chino sanagonekedwepo. Chimene iye amafuna n'chakuti mankhwalawo azipezeka pafupi, ndiponso kuti ana aziyezedwa akangobadwa. Ndikugwirizana naye ndi mtima wonse. Kuyeza kadontho ka magazi a khanda n'kotsika mtengo, ndipo kukanapulumutsa banja lake ku zaka zisanu za kunenezana.

Mawu oti kuyeza magazi atangomveka, agogo ena aakazi amene ankasenda chinangwa pafupi anafunsa funso limene limakhala pansi pa nkhani zonsezi.

"Magazi amatenga aja, ana anga, amapita nawo kuti?"

Ena anaseka n'kutchula anamapopa. Ine sindinaseke, chifukwa mu 2017 mphekesera imeneyo inaphetsa anthu osalakwa ku Mulanje, Phalombe ndi madera ozungulira. Komanso funso la agogowo ndi loyenera. Anthu a m'midzi apereka magazi a ana awo ku makafukufuku kwa zaka zambiri, zotsatira zake n'kulembedwa m'Chingerezi chovuta m'magazini a kunja, osabwereranso pansi pa mtengo pamene anasainira. Munthu akapanda kuuzidwa amadzipezera yekha yankho. Chonsecho mayankho abwino alipo. Mu 2018 ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa analowa m'kafukufuku wa katemera wa tayifodi. Anapezeka kuti amateteza pafupifupi 8 pa 10, ndipo mu Meyi 2023 katemera wa mtundu womwewo anaperekedwa m'dziko lonse kwa ana a miyezi 9 mpaka osakwana zaka 15. Adzukulu a agogowo anabayidwa katemera wa mtundu umene makolo a ku Ndirande anavomera kuti uyesedwe pa ana awo. Ndipo mu Febuluwale 2022, poliyo itapezeka mwa mwana ku Lilongwe, akatswiri anawerenga majini a kachilomboko n'kuzindikira kuti n'kamtundu wa ku Pakistan, ndipo anadziwa kuti ayambe katemera wa khomo ndi khomo mwamsanga. Agogowo anamvetsera, mpeni uli m'manja, n'kuti bwenzi akumatiuza chonchi, bwenzi tikuwapatsa ndi thobwa lomwe.

Kokametetsa, Loweruka, nkhani inapepukanso. Bambo wina wa ana aakazi asanu wakhala akuopseza mkazi wake kuti akwatira wina woti amuberekere mnyamata. Wometa, yemwe anali atamva kwa mphunzitsi, anadikira kuti bamboyo akhale pampando, nsalu ili m'khosi, makina ali pamutu, theka la tsitsi litapita.

"Achimwene, mukudziwa kuti dzira la mayi limanyamula X nthawi zonse? Mbewu ya bambo ndi imene imabweretsa X kapena Y. Ikabwera X, mtsikana. Ikabwera Y, mnyamata. Ndiye atsikana asanu aja munawatumiza ndinu."

Bamboyo sakanatha kunyamuka ndi mutu wometa theka. Anakhala phee mpaka kumapeto, analipira, n'kunena kuti atsikana ake ndi anzeru kuposa anyamata onse a pa Chitala. Pamenepo onse anamuvomereza, chifukwa wamkulu anasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko.

Atsibweni ena amene ankadikira pamzere anali ndi chawo chokondwera nacho. Anamva kuti m'maselo muli kagawo kena ka DNA, ka mu timagawo topanga mphamvu, kamene munthu amalandira kwa mayi yekha. Mwana wamwamuna amakhala nako koma sakapereka kwa ana ake. Kamayenda kuchokera kwa agogo aakazi kupita kwa mayi, kwa mwana wamkazi, kwa mdzukulu wobadwa kwa mwana wamkaziyo. Atsibweniwo anawomba m'manja. Anati limeneli ndi bele lenileni, mmene Achewa amawerengera mbumba, ndipo azungu achedwa nazo. Wina wa Chingoni anawakumbutsa kuti Y uja amayenda kuchokera kwa bambo kupita kwa mwana wamwamuna, monga mmene kwawo amawerengera. Anagwirizana kuti Mulungu anapatsa aliyense kaundula wake.

Kuchoka apo anafika kwa Akafula, aja amati ukakumana nawo ankafunsa kuti wawaonera pati, iwe n'kuyankha kuti kutali. Mnyamata wina wamfupi pa gululo wakhala akunyozedwa kuyambira ali mwana kuti ndi mdzukulu wawo. Mphunzitsi anamuombola. Mu 2017 akatswiri anawerenga DNA ya mafupa akale okumbidwa ku phiri la Hora ku Mzimba, ku Fingira ku Nyika ndi ku Chencherere ku Dedza, ena a zaka pafupifupi 8,100. Anapeza kuti anthu amenewo, omwe ankakhalira kusaka ndi kutola zipatso, anali pa ubale ndi Asan a kum'mwera kwa Africa komanso Ahadza a ku Tanzania. Koma mwa Achewa, Ayao, Atumbuka ndi Angoni a lero amene anayezedwa, magazi a anthu akalewo sanapezekemo kwenikweni. Makolo athu anabwera pambuyo pake ndi makasu ndi mbewu zawo. Chimene eni dziko oyambawo anatisiyira ndi zojambula zofiira za m'mapanga a Chongoni. Mnyamata wamfupi uja anati ndiye kufupikaku ndi kwa agogo ake aamuna basi, ndipo amene akufuna kutsutsa akayezetse.

Lolemba m'mawa, ndikudikira minibasi ya ku Kamuzu Road, ndinalowanso m'tiyirumu muja. Agogo a kofia yoyera anali pa malo awo omwewo. Ndinapeza kuti pa Chitala nkhani ya dzina aithetsa okha. Tsopano pali majini a kwa shehe ndi majini a aphunzitsi, ndipo munthu akatchula liwulo amafunsidwa kuti akunena ati. Agogowo ankauza mwini tiyirumu kuti mdzukulu wawo akufuna kumanga banja mwezi wa Disembala, ndipo iwo anena kuti ankhoswe asanakumane, awiriwo akayezetse kaye za chisikilo zija. Mwini tiyirumu anafunsa ngati mnyamatayo wavomera. Agogo anati wavomera, kungoti amaopa jakisoni, ndiye apita naye okha pa kabaza Lachinayi.